Wailesi Yothawa Apongozi

Mudzi wa Mukhova,
M'mbali mwa mtsinje wa Namiyala,
Nkhulambe, Phalombe.

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu Wogawa Njira za Mumlengalenga,
Kulikulu, kumene madzi amayenda mwaulemu m'mipope.

Bwana,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ngakhale simukundiona, chifukwa kuno kwathu munthu wamkulu sitimuyankhula chiimirire. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba, ana, ndi magalimoto onse. Ife kuno tilipo, tatha kupanga mizere, tikungoyang'ana kuphiri.

Dzina langa ndine Fainess Makina. Ndimalima nandolo ndi chinangwa, ndine mlembi wa amayi a Mvano pa tchalitchi chathu, ndipo ndine amene anthu anu anandisankha kusunga wailesi yochenjezera ngozi m'mudzi muno. Chinanso chimene muyenera kudziwa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo, n'chakuti ndili ndi ana aakazi atatu okwatiwa. Ndiye kuti ndine apongozi a akamwini atatu. Pa za mawaya ndine mbuli, koma pa za akamwini mutha kundifunsa chilichonse.

Anzanga a m'komiti anandiletsa kuti ndisalembe. A Thomson, apampando athu, anati tikadandaula mudzatilanda wailesiyo n'kukapatsa a ku Chiringa. Ndinawauza kuti ine sindikudandaula ayi, ndikuthokoza. Ndalembera m'nyuzipepala chifukwa mayamiko amene tinatumiza kudzera m'maofesi anatopera panjira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu wogwira ntchito ngati inu azikhala osadziwa mmene anthu akumukondera. Mayamikowo ndawaika manambala kuti musavutike powerenga.

1. Tikuthokoza chifukwa cha wailesiyo.

Mukukumbukira namondwe uja amene anatilanda abale zaka zapitazi. Sindinena zambiri za iye, chifukwa ndikayamba pepalali linyowa. Chimene chinatiwawa kwambiri n'chakuti mafoni anafa tsiku loyamba lomwelo. Amene anaona madzi akuyamba kumtunda analibe njira youzira a kumunsi. Tinalira kuti tipatseni chotichenjeza, ndipo inu, mwa chifundo chanu, munamva.

Tsiku lopereka wailesi linali lokoma. Kunabwera magalimoto oyera mpaka ana anasiya sukulu kudzadziyang'anira pa magalasi. Tinavina tchopa fumbi kobo. Inuyo simunabwere, tinamva kuti munatanganidwa, koma munatuma wachiwiri wanu, amenenso anatuma wachiwiri wake, amene anafika ndi mtsikana wina wodziwa za makina dzina lake Magret. Mtsikanayu ndi amene anatiphunzitsa, ndipo musamuchotse ntchito chifukwa cha kalatayi, chifukwa zonse anatiuza poyera popanda kutinamiza.

Magret anati iyi si ovaova wamba ngati wa apolisi. Anati ndi wailesi yoganiza yokha. Mawu, iye anatero, amayenda m'njira za mumlengalenga zimene maso sangazione, ndipo njira iliyonse ili ndi mwiniwake amene anagula chiphaso ku ofesi yanu: a wailesi za kanema, a mafoni, a makampani. Koma eniakewo sayendamo nthawi zonse. Ndiye wailesi yathuyi imatchera khutu, n'kupeza njira imene mwini wake sakuigwiritsa ntchito pa nthawiyo, n'kudutsitsamo mawu athu. Ikangomva kuti mwini njira akubwera, imapatuka msangamsanga n'kukafuna ina. Ikapanda kuipeza imadikira. Pa chifukwa chimenechi, anatero Magret, boma silinavutike kutigulira njira yathuyathu.

Atamaliza kufotokoza, anafunsa ngati tamva. Amayi onse tinayang'anana, kenako tinaseka mpaka ena kugwa pa benchi. Tinali titamva kuposa mmene iye ankaganizira.

2. Tikuthokoza chifukwa cha khalidwe la wailesiyo.

Bwana, sindikudziwa kwanu, koma kuno mwamuna akakwatira amasamukira kwa mkazi. Amamanga nyumba pa malo a apongozi ake, amalima munda wa apongozi ake, amabzala mango amene adzadye ndi ana a eni mudzi. Ndipo akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira, sadikira kuuzidwa. Amapatukira kutchire, kaya kuli chitedze kaya kuli minga, n'kuyang'ana kumbali mpaka apongoziwo atadutsa. Sawayang'ana kumaso, sawatchula dzina, sawayankhula mwachindunji. Akakhala ndi mawu amatuma mkazi wake.

Mwaona tsopano chimene tinasekera. Munatitumizira chinthu cholima pa malo a eni, chothawa chikamva mapazi a mwini wake. Pofika madzulo a tsiku lomwelo mudzi wonse unali ukuitchula wailesiyo kuti Mkamwini, ndipo dzinalo lakhala mpaka lero. Ndinanyadira kwambiri. Masiku ano ana ambiri ulemu anautaya, ndiye kuona kachitsulo kochokera kunja kakudziwa mwambo chonchi, mtima wanga unayera.

A Thomson okha ndi amene sanagone tulo. Kuno malo ndi ochepa, ndipo aliyense amadziwa kuti munda ukaugoneka chaka chimodzi umaupeza wina wabzalamo mbatata. Iwo anaganiza kuti mumlengalenga ndi chimodzimodzi. Anati njira yopanda munthu imene Mkamwini wapeza tisaisiye igone, tiziyendamo tsiku ndi tsiku kuti anthu adziwe kuti ili ndi eni. Choncho tinayamba kuilima. Tinkalengezerapo maliro, mitengo ya nandolo, mbuzi zosochera, ndi mayina a amene sanabwere ku chitukuko. Nkhani zikatha, a Thomson ankaimbapo nyimbo za m'buku, vesi ndi vesi. Tinalima njirayo nyengo yonse yachilimwe ndi mtima wonse. Koma madzulo alionse, a wailesi ya kanema ina ya m'tauni akangotsegula zawo, Mkamwini ankadula a Thomson pakati pa vesi n'kukhala chete, kagetsi kake kobiriwira n'kusanduka kachikasu. Apo m'pamene tinadziwa kuti kaya ulime chotani, munda wa eni ndi wa eni.

3. Tikuthokoza chifukwa cha nzeru zimene munasankhira anthu osunga wailesi.

Mawailesi m'dera lathu anabwera awiri. Ina ya kumtunda, m'tsinde mwa phiri, pamene munazika mtengo wopaka utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira woyezera madzi. Ina ya kumunsi kuno, kumene kuli nyumba. Wa kumtunda akaona madzi afika pofiira, aziuza wa kumunsi, wa kumunsi aziimba mluzu, anthu azithawira pa chitunda cha tchalitchi.

Anthu anu anafunsa kuti ndani amakhala kumtunda nthawi zambiri. Onse analoza a Hector, amene ali ndi dimba la nzimbe ndi nthochi kumeneko. Anafunsanso kuti ndani kumunsi ali ndi mawu omveka patali. Onse analoza ine, ndipo sindinakane chifukwa ndi zoona. Analemba mayina athu, anatijambula, anakwera magalimoto. Palibe anafunsa chifukwa chake pojambulitsapo a Hector anaima kuseri kwa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa ku Mozambiki.

A Hector, Bwana, ndi amuna a mwana wanga wachiwiri, Belita. Mwa akamwini anga onse, awa ndiwo a mwambo kwambiri. Chikwatirire sanandiyang'anepo kumaso. Tsiku lina anadumphira mu ngalande atanyamula thumba la makaka pamutu chifukwa anandiona ndikutulukira pa ngodya. Awa ndi amene ofesi yanu inawapatsa ntchito yondiyankhula ine tsiku lililonse.

Koma musadandaule, tinapeza njira. M'mawa uliwonse poyesa wailesi, a Hector ankadina batani n'kutsokomola. Ine ndikamva chifuwacho ndinkatsokomolanso, kenako n'kuitana Belita. Belita ankatenga wailesi, a Hector n'kunena kuti awauze amayi kuti madzi ali pobiriwira. Belita ankatembenuka n'kundiuza, ngakhale ndinali pomwepo ndipo ndamva ndekha. Ine ndinkayankha kuti uwauze bambo a Ida kuti tathokoza, asaiwale kubweretsa nzimbe. Tinkachita chonchi mosaphonya, ndipo ndamva kuti mu lipoti lanu munalemba kuti mudzi wa Mukhova ndi chitsanzo cha kulumikizana kwamakono. Tinasangalala kumva zimenezo.

4. Tikuthokoza chifukwa cha zimene wailesiyo inachita pa tsiku la madzi.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Malichi wapitawu. Kuphiri kunali kutada kwa masiku angapo, koma kumudzi kuno kunkangowaza. Ndi mmene Namiyala amachitira: mvula imagwa kumene simukuiona, madzi n'kukupezani muli pouma. Ine ndinali paseri pa nyumba ndikusonkhezera mphika wa kalongonda, amene ndinautereka mbandakucha, ndipo mukudziwa, kapena simudziwa, kuti nyemba zimenezi ukazithamangira zimakuzunguza mutu. Mkamwini anali pa khonde, pa mpando wake, atafundidwa kansalu koluka. Kagetsi kake kanali kachikasu. Ndinadabwa pang'ono chifukwa masana sikankatero, koma ndinati mwina eni njira ali ndi mwambo wawo.

Kumtunda, a Hector anamva phiri likulira. Akuti madzi sanadutse n'komwe pachikasu. Anachoka pobiriwira n'kukwirira mtengo wonse woyezera, atasenza miyala ndi mitengo yazikuluzikulu. Anadina batani. Sanatsokomole. Anakuwa, anakuwanso, anaigwedeza wailesiyo, anaikweza m'mwamba. Mkamwini wa kumtunda anayang'ana kumbali, kudikira kuti eni njira adutse.

A Hector ali ndi ana awiri ndi mkazi m'nyumba yomwe ili kumunsi kwenikweni, yoyandikana ndi mtsinje. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaika wailesi m'thumba n'kuyamba kuthamanga. Mtsinje umazungulira chitunda china cha pakati pa dimba ndi mudzi, iwo anadula pamwamba pake, m'miyala yoterera. Anagwa, bondo linagunda pamwala, anadzuka, anagwanso. Anafika m'mudzi akukoka mwendo, matope thupi lonse, malaya atatsala kolala yokha.

Munthu woyamba kukumana naye ndinali ine, pa kanjira ka paseri pa nyumba, nditanyamula nkhuni. Mwa chizolowezi ndinaima kuti ndiwapatse mpata wothawira kutchire. Sanathawe. Anabwera molunjika, anandiyang'ana m'maso muno, n'kukuwa kuti, "Fainess! Madzi! Imbani mluzu, Fainess!"

Bwana, dzina limenelo ngakhale malemu amuna anga ankalitchula mosamala. Ndinaimba mluzuwo ndi mkwiyo wa dzinalo, ndipo mwina n'chifukwa chake unamveka mpaka kutsidya. Anthu anatuluka m'nyumba, ena m'minda, kuthamangira ku tchalitchi. Belita anabereka wamng'ono, Ida anamukoka pa dzanja. Ine ndinatenga Mkamwini pa khonde, chifukwa ndi katundu wa boma, kenako ndinabwerera ku mphika wanga, umene unali utangotsala pang'ono kupsa. Apo a Hector ananditsatira. Anandigwira pa mkono, dzanja lawo pa khungu langa, anthu onse akuona, n'kundikoka ngati mbuzi yokana kupita ku msika. Tinakwera chitunda cha tchalitchi iwo akutsimphina, ine ndikuwatukwana, wailesi ili pamutu panga.

Tisanafike n'komwe pakhomo la tchalitchi, madzi analowa m'mudzi. Anatenga nyumba zisanu za kumunsi, nkhokwe, mbuzi, njinga ya a Thomson, ndi mphika wanga. Sanatenge munthu. Tinawerengana kawiri, katatu, ndipo tinali onse. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinakumbukira ulendo wina uja pamene tinawerengana n'kupereweza.

Ndiye tili chikhalire pa chitundapo, tikuonerera madenga athu akupita ku Mozambiki opanda pasipoti, kagetsi ka Mkamwini kanasanduka kobiriwira. Eni njira anali atadutsa. Wailesi inatsegula pakamwa n'kutipatsa uthenga umene inasunga mokhulupirika nthawi yonseyi. Anali mawu a a Hector, akukuwa kuti madzi akubwera, tithawe. Mudzi wonse unatembenuka kuyang'ana a Hector eniakewo, amene anali atagona pa udzu, bondo litatupa ngati dzungu. Anayamba kuseka ndi a Thomson, kenako tonse, misozi ili m'masaya. Uthenga unafika wonse, Bwana, osaduka ngakhale liwu limodzi, ndipo pa chimenechi tikuyamikira luso la makina anu.

5. Tikuthokoza chifukwa cha mawu anu.

Patapita masiku, msewu utayamba kudutsika, Magret anabwera pa njinga yamoto. Atamva zimene zinachitika anakhala pa chitsa. Kenako anatifotokozera. Anati pakati pa dimba la a Hector ndi mudzi pali chitunda chimene chimatchinga njira zambiri za mumlengalenga. Njira yodalirika yodutsa pamenepo ndi imodzi, ya wailesi ya kanema ija. Masiku onse eniake amatsegula madzulo okha. Koma Loweruka limenelo, poona kuti mvula yavuta m'dziko, anatsegula masana kuti aulutse pologalamu yapadera yochenjeza anthu za madzi osefukira.

A Goodman, amene ali ndi nyumba yoonetsera kanema pa msika, anaionera pologalamuyo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, chifukwa kwawoko n'kokwera. Akuti mlendo wolemekezeka munali inuyo. Akuti munavala suti yotuwa yokukhalani bwino, ndipo m'manja munanyamula wailesi yofanana ndendende ndi yathu. Akuti munayankhula mosadodoma, mopanda kuyang'ana papepala, kufotokoza kuti chifukwa cha wailesi yoganiza yokha, palibenso munthu wa ku Phalombe amene madzi adzamudzidzimutse. Atafuna kutseka pologalamu, akuti munapempha kuti muwonjezere mfundo zina ziwiri, ndipo anakulolani.

Ndiye apongozi amene Mkamwini ankawathawa tsiku lija munali inu, Bwana. Pamene a Hector ankakuwa m'tsinde mwa phiri, inu munali m'njiramo, mukutiuza kuti ndife otetezeka. Ndi mwayi waukulu kwa mudzi wawung'ono ngati wathu. Ambiri amakokoloka popanda wowalankhulira, koma ife tinakokoloka nkhani yathu ili pa kanema.

6. Tikuthokoza chifukwa cha yankho la ofesi yanu.

Komiti itapereka nkhaniyi, yankho linabwera lakuti wailesi inagwira ntchito motsatira malamulo onse, ndipo chiyambire sinasokonezepo mwini chiphaso ngakhale mmodzi. Ndi zoona. Ndine mboni. Sinasokoneze aliyense, ngakhale ife amene tinkafunika kusokonezedwa.

Tinamufunsa Magret ngati Mkamwini angaphunzitsidwe kuti tsiku la ngozi asamapatuke. Anati nzeru imeneyo ili kale m'mimba mwake. Opanga anaikamo njira yakuti uthenga wa ngozi uzidutsa patsogolo, mwini njira n'kudikira kamphindi kochepa, kosakwana n'komwe kumwa kapu ya madzi. Koma anati mbali imeneyo ndi yokhoma, ndipo siingatsegulidwe popanda chilolezo cha ofesi yanu, chifukwa eni ziphaso angakhumudwe. Anati nkhaniyo ili m'manja mwa komiti yanu, imene yakumanapo kangapo m'mahotela a kunyanja ndipo yagwirizana kuti idzakumanenso.

Kunonso tinali ndi komiti yathu, Bwana, pa mlandu wofanana. Kutchula apongozi dzina ndi kuwagwira pa mkono si nkhani yaing'ono. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo, a Hector ali chapatali, mutu uli pansi, ndodo ili pambali. Amalume a Belita, munthu wouma mtima pa za mwambo, anamva mbali zonse, anafwenthera fodya, n'kunena kuti ulemu anaupangira anthu amoyo, apongozi omwalira sapatukiridwa panjira. Mlandu unathera pomwepo, madzi a pamoto asanawire. Ine ndinagwira tambala yekhayo amene anapulumukira pa denga la tchalitchi, ndinawaphikira a Hector, n'kuwapatsa m'manja ndekha. Kuyambira tsikulo timayankhulana pamaso. Dzina lija sanalibwerezenso, ndipo ndawachenjeza kuti asayerekeze pokhapokha madzi atafika pofiira.

Sindikunena kuti anthu osaphunzira a pansi pa mtengo angaphunzitse komiti ya m'hotela. Ndangofotokoza kuti mudziwe mmene timatayira nthawi kumudzi kuno.

7. Pempho.

Tsopano ndasiya kuseka pang'ono, mundikhululukire.

Mwezi uno ndi Novembala. Mitambo yayamba kale kugona paphiri. Bondo la a Hector silinabwerere. Ku chipatala anayesetsa, koma mwendowo suwongoka, ndipo kuchoka ku dimba kufika kumudzi amayenda ndi ndodo, kupuma kawiri panjira. Akanitsitsa kusiya ntchito yoyang'anira madzi, akuti palibe wina amene amalimva phirilo ngati iwo, ndipo ndi zoona. Koma ulendo uno sangathamange. Mu Malichi muja sitinapulumutsidwe ndi wailesi, tinapulumutsidwa ndi miyendo iwiri, ndipo umodzi mwa iyo tinaumaliza.

Belita ndi woyembekezera. Masiku ake ndi a mu Febuluwale, mvula ili pakati. Nyumba anamanganso pamalo pomwe paja, chifukwa malo ena kulibe, ndipo amene amatiuza kuti tisamukire kumtunda sanatiuze kuti kumtunda kwa ndani. Munthu wa pakati potero sathamanga, amafunika kumuuza nthawi ilipo kuti ayende pang'onopang'ono, wina atamugwira dzanja. Ndili ndi mantha, Bwana. Ndikamva bingu kuphiri ndimayang'ana mimba ya mwana wanga, kenako ndimayang'ana kagetsi ka wailesi yanu, n'kupemphera kuti kakhale kobiriwira.

Pempho langa loyamba ndi lakuti musaine chilolezo chija, kuti Magret abwere adzatsegule chimene chili chokhoma. Eni ziphaso akakhumudwa chifukwa cha kamphindi kamodzi, atumizeni kuno, tidzawapepesa ndi nthochi.

Koma ndikudziwa kuti cholembera cha munthu wamkulu n'cholemera, sichinyamulidwa wamba, ndipo komiti iyenera kukumananso. Choncho ndili ndi pempho lachiwiri, losafuna ndalama, losafuna msonkhano, limene mungalikwanitse muli khale pa mpando wanu. Mukadzamva kuti kuphiri kwada ndipo mvula yakana kukata, a kanema akadzakuitanani kuti mudzalimbikitse mtundu, chonde, Bwana, mudzakane. Mudzanene kuti mwadwala chimfine. Auzeninso achiwiri anu ndi achiwiri awo kuti chimfinecho n'chopatsirana. Mawu anu ndi okoma, sitikuwakana, ndipo sawola. Tisungireni mpaka mu Juni, tidzabwera tonse kwa a Goodman titasamba, mwana ali kumsana, tidzakuombereni m'manja mpaka mfundo yomaliza.

Koma kuyambira Disembala mpaka Epulo, pali bambo wina wotsimphina m'tsinde mwa phiri amene adzakhale ndi mawu ochepa oti auze mkazi wake. Tikupemphani modzichepetsa, inu amene mwatichitira zazikulu zonsezi, kuti mutichitire chimodzi chotsiriza: mudzakhale chete kuti amveke.

Ndine wanu wogwada mpaka madzi atandidzutsa,

Fainess Makina (Mayi),
Wosunga wailesi ya kumunsi, mudzi wa Mukhova.